Uchidakwa, Ubongo ndi Udindo wa Mpingo

Mkhristu wa kuno ku Degue akagwa m'uchidakwa, akulu a mpingo amafunsa kuti bwanji sakuleka, chonsecho analonjeza ndi misozi. Funso lotereli linamugwiranso mtima Nora Volkow, dokotala wobadwira ku Mexico mu 1956. M'zaka za m'ma 1980, atangoyamba kumene ntchito yake ku Houston, m'dziko la America, iye anayamba kujambula ubongo wa anthu osuta kokeni pa makina otchedwa PET.

Kafukufuku wake wa zaka zotsatira anaonetsa kuti mowa ndi mankhwala ozunguza bongo zimafooketsa timbali ta ubongo tolandira dopamini, mankhwala a m'thupi amene amatikoka kubwereza chimene chatikomera. Choncho womwa kachasu tsiku ndi tsiku amafika poti chakudya, ana ndi nyimbo sizimukondweretsanso. Amamwa pothawa kusautsika kumene kumabwera mowa ukatha m'thupi.

Goli limeneli silikhala chimodzimodzi pa mwamuna ndi mkazi. Thupi la mkazi lili ndi madzi ochepa poyerekeza ndi la mwamuna, motero akamwa kapu yofanana, mowa umachuluka kwambiri m'magazi a mkazi ndipo chiwindi chake chimaonongeka msanga. Bungwe la World Health Organization likunena kuti matenda a kukhumudwa amagwira akazi ambiri kuposa amuna, koma odzipha ambiri ndi amuna. Mwamuna amabisa chisoni chake pamalo omwera. Mkazi amabisa mowa wake m'nyumba, poopa manyazi.

Zimenezi sizichotsa kufunika kwa kulapa. Zikutiphunzitsa kuti chilango cha mpingo pachokha sichichiritsa ubongo wodwala. Ndiponso amene wamwa kwambiri kwa nthawi yaitali akaleka mwadzidzidzi angathe kunjenjemera, kuona zilubwelubwe, kukomoka ngakhale kufa kumene. Woteroyo asatsekeredwe m'nyumba kuti angosala ndi kupempherera. Aperekezedwe ku chipatala chachikulu cha Tete, akaonane ndi achipatala odziwa za matenda a maganizo.

Amayi a Chigwirizano, poyendera odwala musapitirire khomo la mlongo amene wasiya kubwera ku mapemphero popanda chifukwa chodziwika. Akulu a mpingo, musanalembe dzina la mbale m'buku la chilango, mufunseni ngati akugona tulo, ngati akudya, ndiponso ngati anaganizapo zodzipha. Akavomera, musamusiye yekha usiku umenewo.