Hatchi yovula nsapato mvula ili mkati

Hatchi yaikulu imalemera makilogalamu pafupifupi 500, ndipo katundu yenseyu amatsamira pa ziboda zinayi, chilichonse kukula kwake ngati kambale ka ndiwo. Chiboda chimodzi chikangodwala, hatchi yonse yaima, ndipo woyamba kufunsidwa amakhala wantchito amene amaidyetsa ndi kusesa m'khola. Achinyamata ambiri ochokera ku Malawi tili pa ntchito yosamalira mahatchi kuno ku South Africa. Timabwera tikudziwa ng'ombe, mbuzi ndi abulu, koma za ziboda za hatchi timaphunzirira pa ntchito pomwepo.

Ine ndimagwira pa khola lina kunja kwa mzinda wa Cape Town. Kuno nyengo ndi yotembenuka: mvula yambiri imagwa mu June, July ndi August, nthawi imene kwathu kumakhala kouma ndi kozizira. Mu May, eni ake a hatchi ina yaikazi imene inavala nsapato zachitsulo kwa zaka zambiri anaganiza zoivula. Zifukwa zawo zinali zomveka. Hatchiyo sigwiranso ntchito yolemetsa, zidendene zake zinali zitapanikizana, komanso kusintha nsapato milungu 6 iliyonse kumadya ndalama. Katswiri wosema ziboda ndi kukhoma nsapato, amene kuno amatchedwa farrier, anazula misomali, n'kusema pang'ono, n'kumapita. Patangotha milungu iwiri mvula inayamba.

Chiboda chikamwa madzi

Mukatembenuza chiboda muona zigawo zitatu. Kunja kuli khoma lolimba ngati chikhadabo. Mkati mwa khomalo muli pansi pake, pamene pamayang'ana nthaka. Chakumbuyo kuli kachigawo kofewerapo ngati labala, kooneka ngati chilembo cha V, kotchedwa frog, ndipo kali ndi timigula m'mbali ndi pakati. Pamene khoma limakumana ndi pansi pake pali kamzere kotuwa, ndipo mavuto ambiri amalowera pamenepo.

Khoma limakula kuchokera pamwamba, pamene pathera ubweya, mamilimita 6 mpaka 10 pamwezi. Kuti chiboda chonse chikhale chatsopano pamatenga miyezi 9 mpaka 12. Ndiye hatchi yongovula kumene imayendera chiboda chakale, chobooka ndi misomali, chimene pansi pake sipanazolowere miyala. Chikakhala m'madzi usana ndi usiku chimafewa, monga mmene zikhadabo zimafewera munthu akachapa tsiku lonse. Dzuwa likawala chimauma n'kuchita ming'alu. Kunyowa ndi kuuma mosinthanasinthanaku kumatsegula timipata, basi mchenga, ndowe ndi tizilombo zapeza polowera.

Mavuto atatu amene anatipeza

Loyamba linali kubenthuka kwa khoma pa mabowo a misomali. Munthu akaona amachita mantha, koma nthawi zambiri hatchi simva kuwawa. Mankhwala ake ndi tupa. Farrier anayamba kubwera milungu 4 iliyonse, kusema pang'onopang'ono ndi kusalaza m'mphepete kuti pasakhale pokola mwala.

Lachiwiri linadziwika ndi fungo. Pochotsa matope ndinamva kununkha ngati chinthu chowola, ndipo kachitsulo kokolokosera chiboda kanatuluka ndi zinthu zakuda zamadzimadzi kuchokera m'timigula ta frog. Matendawa amatchedwa thrush. Amayamba ndi mabakiteriya okonda malo onyowa opanda mpweya, makamaka Fusobacterium necrophorum, amenenso amawoletsa ziboda za ng'ombe. Tsiku lililonse ndinkatsuka ndi bulashi, kupukuta ndi kansanza mpaka paume, kenako kulowetsa thonje loviika mu ayodini wosungunula ndi madzi mpaka pansi pa kamgula. Ena amathira jiki wosasungunula kapena oilo wakale wa galimoto. Jiki amawotcha mnofu wamoyo, pomwe oilo amatseka mpweya, zimene tizilomboto timakonda.

Lachitatu ndi limene linatikhalitsa chilili. M'mlungu wachisanu ndi chimodzi, hatchi imene madzulo inkayenda bwinobwino inadzuka ikupondera miyendo itatu, ngati yathyoka. Chiboda chakutsogolo kumanzere chinali chotentha kuposa zinzake, ndipo nditagwira mtsempha wakumbuyo kwa kachikolo kamene kali pamwamba pa chiboda, unkagunda mwamphamvu. Chinali chithupsa. Dothi linalowera pa kamzere kotuwa kaja, mafinya n'kuunjikana mkati mwa chiboda mmene mulibe malo otupira. N'chifukwa chake ululu wake umabwera mwadzidzidzi chonchi.

Dokotala wa ziweto anapeza pamene pankapweteka, n'kuboola kabowo kakang'ono, mafinya akuda n'kutuluka. Anafunsanso ngati hatchiyo inalandira katemera wa kafumbata, poti bala la m'chiboda ndi njira yapafupi ya matendawa. Kwa masiku angapo ntchito yanga inali kuviika chibodacho m'madzi ofunda a mchere wa Epsom, kuchikulunga ndi thewera la mwana, kenako kuzunguliza tepi yolimba kuti madzi asalowe. Inde, thewera lenilenilo logula m'sitolo. Limayamwa mafinya ndipo limakwana bwino pachiboda. Tsiku lachitatu hatchi inayamba kuponda.

Pali matenda ena amene sayenera kusokonezedwa ndi chithupsa. Hatchi ikamatsimphina miyendo yonse iwiri yakutsogolo, n'kumatsamira kumbuyo ngati ikuthawa kuponda ndi nsonga za ziboda, makamaka itadya msipu wobiriwira wambiri, akhoza kukhala laminitis. Amenewo ndi ofunika dokotala tsiku lomwelo.

Tibwezeretse nsapato?

Chithupsa chitaphulika, eni ake anafuna kuti nsapato zibwerere msanga. Sindinawadabwe. Kuona chiweto chako chikuvutika n'kowawa, ndipo ine ndemwe mtima unali m'mwamba poganizira ntchito yanga, ya lendi kuno ndi ya fetereza kumudzi. Farrier anafotokoza kuti khoma lofewa ndi lobenthuka siligwira bwino msomali, ndipo nsapato ikazuka m'matope imachoka ndi chidutswa cha chiboda. Sananene kuti nsapato ndi zoipa. Mahatchi ena, makamaka a ziboda zopyapyala pansi kapena ogwira ntchito pa miyala tsiku ndi tsiku, amakhala bwino atavala. Anagwirizana zodikira mpaka mvula itatha, ndipo ngati hatchi idzakhale ikuvutikabe, nsapato zidzabwerera.

Pakadali pano tinagula mabuti a labala ovala pa ziboda zakutsogolo poyenda pa miyala. Ndimaivula ikangobwerako, chifukwa mabuti akakhalitsa amasunga chinyezi ndiponso amanyula khungu. Pa geti ndi pomwera madzi, pamene matope amafika m'mawondo, tinathira miyala ing'onoing'ono. Usiku hatchi imagona pa utuchi wouma, ndipo wonyowa ndi mkodzo ndimauchotsa m'mawa uliwonse, chifukwa mkodzo umadya chiboda kuposa madzi a mvula. Ziboda ndimazikolokosa kawiri patsiku, kuzinunkhiza, ndi kuzigwira kuti ndimve kutentha. Kamodzi pamlungu ndimazijambula ndi foni, kutsogolo, m'mbali ndi pansi, n'kutumizira farrier pa WhatsApp. Maso amaiwala mmene chiboda chinalili mwezi watha, koma zithunzi zimaonetsa kusintha. Pa zithunzi za August mabowo a misomali anali atatsikira pansi penipeni, ndipo chakumtunda kunkaoneka kachigawo katsopano kosalala.

Nanga abulu akwathu?

Mahatchi ndi osowa ku Malawi, koma abulu okoka ngolo alipo, ndipo amayenda opanda nsapato moyo wawo wonse. Bulu anachokera ku madera ouma, ndipo chiboda chake chimamwa madzi kwambiri kuposa cha hatchi. Choncho kuyambira December mpaka March mavuto omwewa amamupeza: kuwola kwa frog, kugumuka kwa kamzere kotuwa, ndi zithupsa. Vuto lake bulu amabisa ululu. Amangoyenda pang'onopang'ono, mwini wake n'kumati ndi ulesi, mkwapulo n'kumagwira ntchito.

Ngati kwanu kuli bulu, muuzeni amene amamuyendetsa kuti azimunyamula mwendo uliwonse madzulo n'kuchotsa matope ndi timiyala ndi kamtengo kosasongoka. Mbali imodzi ya khola ikhale yokwera ndi yofolera, ndowe zizichotsedwa tsiku lililonse. Chiboda chikanunkha, chikatentha, kapena bulu akakana kupondera mwendo, mumasuleni pangolo ndipo muitane alangizi a ziweto a m'dera lanu asanafike pogona pansi.