Mayeso a Munthu Wofuna Nchito: Kodi Ayesa Ciani?

Madzulo ano tikambe za mayeso amene munthu apatsidwa pofuna nchito kapena malo pa sukulu. Nkhaniyi si ya masewera, pakuti ola limodzi m'cipinda ca mayeso likhoza kulamula ngati munthu adzagwira fosholo zaka zace zonse kapena adzaphunzitsidwa kuyendetsa makina.

Tiyambire ku Johannesburg, kumene amuna ambiri a ku Nyasaland ndi a ku Barotseland anali kupita ndi Wenela kukakumba golide. M'caka ca 1946 kunakhazikitsidwa bungwe la National Institute for Personnel Research, ndipo mkuru wace anali Dr Simon Biesheuvel. Eni migodi anali ndi bvuto: anchito atsopano anali kufika zikwizikwi, a zinenero zosiyana, ambiri osadziwa kuwerenga. Nanga akanadziwa bwanji woyenera makina ndi woyenera ukapitao?

Bungwelo linakonza mayeso osalira pensulo kapena womasulira. Amuna anali kukhala pa matebulo naonetsedwa bayisikopo yopanda mau, momwe munthu anali kucita nchitoyo; itatha, iwo anali kucita monga anaonera. Anali kusankhula tizitsulo ndi kutiika m'malo mwace, kumanga timatabwa kuti tipange cinthu cimodzi ca mbali zolingana, ndi kulumikiza citsulo ca miyendo itatu. Posankha akapitao panali njira yina, yotengedwa kwa ankhondo a Britain: kagulu ka amuna kanali kupatsidwa mitengo ndi zingwe kuti kaolotse katundu pa malo obvuta, popanda kuuzidwa mtsogoleri. Oyesa anali kungoyang'ana amene anzace ayamba kumumvera. Kunena zoona, zimenezi zinaposa kusankha munthu poona kukula kwa cifuwa cace. Koma tikumbukire kuti lamulo la tsankho linali litatseka kale nchito zapamwamba, kotero kuti ngakhale wopambana onse anali kulekezera pa ukapitao.

Tsono mverani cimene cinaturuka m'bungwe lomwelo. M'caka ca 1960 William Hudson anafalitsa zimene anapeza poonetsa anthu cithunzi ca mlenje wogwira mkondo. Patsogolo pace panali mphoyo, ndipo pakati pa awiriwo panali njobvu yojambulidwa yaing'ono, itaima pa phiri lakutali. Pofunsidwa nyama imene mlenje afuna kulasa, anchito ambiri osapita ku sukulu anati njobvu, pakuti pa pepalapo ndiyo inayandikana ndi mkondo. Ana a sukulu ambiri anati mphoyo. Kodi anchitowo anali ndi maso oipa? Iai. Cimene sanazolowere ndico mwambo wa ojambula, wakuti cakutali acilemba cacing'ono. Ngakhale Azungu ena anchito, a maphunziro ocepa, anayankha cimodzimodzi. Inu amene muona zithunzi zocenjeza za ngozi pa zipupa za mgodi, taganizani: cithunzi cimene wocijambula ayesa comveka cikhoza kunena zina kwa munthu watsopano.

Nkhaniyi inafika ndi kuno kwathu. Robert Serpell, wa ku University of Zambia, anaona cimene tonse tiona m'makomboni: anyamata opinda waya ndi kupanga magalimoto okhala ndi mawilo ndi ciongolero. Anatenga ana a ku Lusaka ndi ana a ku England, nawauza kuti atsanze zinthu zofanana m'njira zosiyana: polemba pa pepala, popinda waya, ndi poumba ndi dongo la m'sitoro. Zotsatira zace zinasindikizidwa m'caka ca 1979. Pa pepala ana a ku England anapambana. Pa waya anapambana ana a ku Lusaka. Pa dongo, limene magulu onse awiri anali kulidziwa, sanasiyane kwenikweni. Woyesa akadabwera ndi pepala lokha akadalemba kuti ana athu ngocedwa kumva. Akadabwera ndi waya yekha akadanena zomwezo za ana a ku England.

Ine sindinena kuti mayeso atayidwe. Popanda mayeso, nchito ipita kwa mphwace wa kalaliki ndi kwa wa mtundu wa kapitao, ndipo ici ticidziwa tonse. Cimene ndinena ndi cakuti mayeso ali onse ayesa zinthu ziwiri pamodzi, luso la munthu ndi zimene manja ndi maso ace anazolowera, ndipo woyesa wosasamala sasiyanitsa ziwirizi.

Serpell anapitanso ku midzi ya Acewa m'boma la Katete, kuyambira m'zaka za m'ma 1970, nafunsa akuluakulu mwana amene angamtume pa nchito yakutiyakuti, ndi cifukwa cace. Akuluwo pochula nzeru sananene kucenjera kokha, koma ndi kutumikira ndi kukhulupirika. Mwana wocenjera koma wosatumika sanamuwerenge wanzeru. Tsono inu a pansi pa mgodi, amene moyo wanu uli m'manja mwa mnzanu woona denga la miyala, simudzadabwa nazo.

Pa zofufuzazi panaturuka mayeso a ana ochedwa Panga Munthu, amene miyeso yace ya ana a m'Zambia inasindikizidwa m'caka ca 1998. Mwana apatsidwa dongo nauzidwa kuumba munthu, ndipo woyesa awerenga ziwalo zimene waika: mutu, khosi, mikono, zala, maso. Pensulo ndi pepala zikhala kwa woyesa yekha.