Nyumba ku Stoke n'zotchipadi, koma banki imafuna mapepala

Anzanga a geni kuno ku UK, ambiri tatopa ndi lendi, ndiye tikambeko za nyumba za ku Stoke-on-Trent.

Stoke ndi mzinda wa mbale ndi makapu adothi, kwawo kwa Wedgwood ndi Spode, ndipo kunalinso migodi ya malasha. Mafakitale ambiri atatsekedwa, kunatsala mizeremizere ya nyumba zogundana momwe munkakhala antchito. Mu 2013 khonsolo inagulitsa zina ku Cobridge pa £1. Inde, paundi imodzi basi. Koma wogula ankatenganso ngongole ya £30,000 yokonzera nyumbayo, ndipo ankayenera kukhalamo zaka 5 asanaganize zogulitsa. Za paundi imodzizo zinapita, komabe mitengo ikadali pansi kwambiri poyerekeza ndi London.

Mmene ndikuonera ine, chimatigwetsa ife si mtengo ayi, ndi mapepala. Munthu wodzilemba yekha ntchito akafuna mortgage, mabanki ambiri amapempha umboni wa msonkho wa zaka 2, chikalata chija cha SA302 cha ku HMRC. Ndiye kaya mumaluka tsitsi, kaya mumagulitsa ufa ndi usipa, ngati ndalama zimangothera m'thumba osadutsa ku akaunti, kwa banki ndinu munthu wosapeza kanthu. Kuchepetsa phindu polemba msonkho kumakoma mu January, koma ngongole adzakupimirani pa kaphindu komweko.

Za chipereganyu nazonso, loya amafunsa komwe dipoziti yachokera. Kunena kuti "tinkasonkherana ndi anzanga" sikukwanira. Muzitumizirana kudzera ku banki, ndipo muzisunga ndandanda wa amene walandira mwezi uliwonse. Amene muli pakati pa zaka 18 ndi 39, Lifetime ISA ilipo: mukaika £4,000 pachaka, boma limaonjezerapo £1,000.

Nyumba zakezo n'zakale, zambiri khoma lake lilibe mpata pakati, chinyezi chimalowa ndipo gasi amadya ndalama nthawi yozizira. Musaumire ndalama ya survey, komanso loya afufuze ngati pansi pake panadutsa mgodi.

Ku okishoni kokha ndimati dikirani kaye. Nyundo ikagunda mumalipira 10% tsiku lomwelo, yotsalayo nthawi zambiri m'masiku 28, ndipo nyumba yopanda khitchini kapena bafa mabanki ambiri sakongozerapo.