Pamene mafumu anafulatira Kalonga: mbiri ya m'mbali mwa Mkulumadzi

Munthu akatchula Mwanza, ambirife timaganiza za manachesi ndi magalimoto akuluakulu a katundu ondandalikana pachipata chopita ku Zobue. Koma zaka 400 zapitazo, dera lino pamodzi ndi Neno, amene anali mbali ya boma la Mwanza mpaka 2003, linali pakati penipeni pa mkangano waukulu wa ufumu wa Amaravi. Funso linali ili: kodi mfumu yaikulu ingalamule mpaka pati abale ake amene inawagawira dziko?

Kalonga, wa mfunda wa Phiri, ankakhala ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka ku Dedza. Dziko linali lalikulu moti sakadatha kuliyang'anira yekha, ndiye ankatuma abale ake kukalamulira madera akutali. Iwowa ankamutumizira mitulo: minyanga ya njovu, zikopa za mikango ndi za akambuku, chitsulo ndi chakudya. Nayenso Kalonga ankayenera kugawa zomwe walandira. Komanso sankangochita zake ayi. Wolowa ufumu ankachokera mwa Nyangu, mayi kapena mlongo wa mfumu, ndipo za mvula zinali m'manja mwa Makewana ku Msinja. Paja mutu umodzi susenza denga.

Nkhani za makolo zimati Kaphwiti ndi Lundu anachoka kwa Kalonga pa mlandu wa ufiti ndi mwavi. Kaphwiti anadzamanga mudzi wake m'chigwa cha Mkulumadzi, mtsinje womwewu umene umakathira mu Shire ku Majete. Lundu anatsikira ku Chikwawa, ku Mbewe ya Mitengo. Undi naye atamanidwa ufumu analowera ku Mano, m'chigawo cha Tete, ndipo anatenga Nyangu. Tangoganizani: mpando watsala ku Mankhamba, koma mayi wobereka mafumu wapita ndi amene wakwiya uja!

Chimene chinakolezera moto ndi malonda. Apwitikizi atakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'ma 1530, mfumu ya kumunsi inkatha kugulitsa yokha minyanga n'kulandira nsalu ndi mikanda. Nanga n'kutumiziranji minyangayo ku Mankhamba pamene wogula ali pakhomo? Lundu analemera, n'kuposa ngakhale Kaphwiti amene anali mkulu wake. Akatswiri ambiri a mbiri amati Azimba, ankhondo amene mu 1592 anagonjetsa asilikali a Apwitikizi a ku Sena ndi Tete, anali anthu a Lundu.

Apa m'pamene akutulukira Muzura, mfumu yamphamvu ya Amaravi. Mu 1608 iye anabwereka Apwitikizi ankhondo 4,000 kuti akathandize Gatsi Rusere, mfumu ya Mwenemutapa, kutsidya kwa Zambezi. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, pa ulendo wake wochokera ku Tete kupita ku Kilwa, anaima pamudzi wa Muzura nalandiridwa bwino, ndipo akatswiri ena amati mudziwo unali kuno, m'dera la Mwanza ndi Neno. Mu 1622 Apwitikizi anabweza ngongole ija: anathandiza Muzura kugonjetsa Lundu. Koma ubwenzi wa mfuti sukhalitsa. Pofika kumayambiriro kwa m'ma 1630, Muzura anali kumenyana ndi Apwitikizi omwewo ku Quelimane, ndipo anagonja.

Vuto lotereli silinali la kwathu kokha. Ku England, zaka 400 Muzura asanalamule, Mfumu John anatopetsa akuluakulu eni malo ndi misonkho ya nkhondo zake za ku France, zomwenso anagonja. Akuluakuluwo anamuukira, nalanda London, ndipo mu June 1215 pa Runnymede anamukakamiza kuvomera chikalata cha Magna Carta. Chikalatacho chinati mfulu asamangidwe popanda chiweruzo choyenera, ndipo chinaika akuluakulu 25 oti aziona ngati mfumu ikusunga pangano. John anadandaula kwa Papa Innocent III amene anachithetsa, ndipo nkhondo inabuka. Akuluakulu aja nawonso anaitana mlendo, Louis wa ku France. John atamwalira mu 1216, osamalira mwana wake Henry III anachitulutsanso chikalatacho kuti mitima ya anthu ibwerere.

Kusiyana kwake n'kwakuti ku England munda unali wochepa ndi wosasunthika, choncho wokwiya ankakhala pomwepo n'kulimbana mpaka mfumu italemba malire a mphamvu zake. Kuno malo anali ambiri, ndipo wokwiya ankangosonkhanitsa mbumba yake, ulendo, kukayamba ufumu wina. Mfumu youma manja inkadzuka tsiku lina ili ndi mpando koma yopanda anthu.

Ndi momwe zinathera. Mphamvu za Mankhamba zinapita zichepa pamene mafumu a m'madera ankachita okha malonda, mpaka Kalonga Sosola anaphedwa ndi Ayao m'ma 1860. Taonani amene alipo lero: Lundu akadali mfumu yaikulu ku Chikwawa, ndipo Gawa Undi, amene tsopano ndiye Kalonga, amalandira mafumu a Malawi, Zambia ndi Mozambique pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, mwezi wa Ogasiti.

Nkhaniyi sikuti inathera m'mabuku ayi. Mikangano ya ufumu ikadali kugawa mabanja m'midzi mwathu, ina mpaka kufika kwa DC ndi kukhoti. Kawirikawiri gwero lake ndi lomwe lija: malo agulitsidwa mbumba isakudziwa, kapena wina wavala ufumu amayi a m'banjamo asananenepo. Ndiye inu amene mwasungitsidwa munda wa banja kapena dzina la makolo, funsani a kubanja musanasainire chilichonse. Kalonga anali ndi ankhondo zikwizikwi, koma analephera kubweza mbale mmodzi amene anachoka atakhumudwa.