Maphunziro a pantchito sayezedwa ndi setifiketi

Ntchito yanga ndi kukonza maphunziro a anthu omwe ali kale pantchito. Ambiri amaganiza kuti ntchitoyi ndi kupeza holo kunyanja ku Mangochi kapena ku Salima, kulankhula masiku angapo, kugawa alawansi ndi masetifiketi, basi. Komatu gawo lalikulu limachitika tisanalowe m'holomo ndiponso titatulukamo.

Abwana akandiitana kuti antchito awo akufunika maphunziro, ndimayamba ndafunsa kuti, kodi chimene chikuwakanika n'chiyani? Kenako ndimakakhala nawo pomwe akugwirira ntchito. Ngati kalaliki akuchedwa kulemba katundu chifukwa kompyuta imodzi akulimbirana anthu anayi, vuto lake si luso. Maphunziro amathetsa kusadziwa. Sangathetse kusowa kwa zipangizo, kuchedwa kwa malipiro kapena kufooka kwa atsogoleri.

Tikapeza kuti luso likuperewera ndithu, timalemba chimene munthu azidzatha kuchita akamaliza. Kunena kuti "adzamvetsa za chitetezo" sikuthandiza. Timati "azitha kuzimitsa makina ndi kuwakhoma asanayambe kuwakonza", chifukwa chimenechi chimaoneka ndi maso.

Malcolm Knowles, katswiri wa ku America yemwe adatulutsa buku lotchuka la maphunziro a akuluakulu mu 1970, adafotokoza kusiyana kwa wamkulu ndi mwana wa sukulu. Wamkulu amafuna adziwe kaye phindu la zimene akuphunzira. Amabwera ndi nzeru zimene wakhala akutola pa zaka zake zonse. Amatchera khutu kwambiri phunziro likamakhudza vuto limene walisiya pa tebulo lake. N'chifukwa chake dalaivala wa zaka makumi awiri pamsewu sindimuyamba ndi malamulo. Ndimamupempha afotokoze malo amene amamuvuta, anzake athirirepo ndemanga, ndipo mfundo zatsopano ndimazimanga pamenepo.

Palinso manyazi. Tonse timadziwa kuti safunsa adadya phula, koma munthu wa imvi safuna kuoneka mbuli pamaso pa achinyamata kapena abwana ake. Choncho timagawa anthu m'magulu ang'onoang'ono, timalankhula chinenero chimene amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo timawalola kulakwitsa poyeserera popanda wowaseka. Nthawi yambiri ipite ku kugwira ndi manja, mphunzitsi alankhule pang'ono.

Mdani wina ndi kuiwala. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany adaonetsa mu 1885 kuti zambiri zimene taphunzira zimathawa m'maola ndi masiku oyambirira ngati sitizibwereza. Sabata yothinana ndi mitu khumi imatopetsa chabe. Ndi bwino kuphunzira mutu umodzi, kukauyesa kuntchito, n'kudzakumananso kuti tione pomwe pavuta. Apa kapitawo ndi wofunika kuposa ine. Iye akapanda kupereka mpata woyeserera, luso latsopanolo limafera m'kope.

Nanga timadziwa bwanji kuti zatheka? Donald Kirkpatrick adapereka mu 1959 mafunso anayi omwe timawagwiritsabe ntchito. Kodi ophunzira akhutira? Kodi aphunziradi? Kodi kagwiridwe kawo ka ntchito kasintha? Kodi bungwe lapindula? Malo ambiri amathera pa funso loyamba, pa kapepala kodzaza tsiku lotsekera. Mayankho a mafunso awiri otsirizawo amapezeka kuntchito patapita miyezi: ngozi zachepa kodi, makasitomala akudikirabe nthawi yaitali kodi?

Nkhaniyi ndi ya ndalama zenizeni. Kuno kwathu olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku thumba la TEVETA, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti litukule luso la ntchito. Inu abwana, musanasaine kalata yovomereza maphunziro ena, funsani kuti antchito anu adzachita chiyani chatsopano akabwerako, ndipo adzawayendera ndani kukaona. Wokonza maphunziroyo akasowa yankho, ndalamazo zisungeni kaye.