Nyanja ya Persia ndi Katchulidwe Kake m'Chichewa

Liwu lakuti "nyanja" limagwira ntchito zambiri m'Chichewa, pakuti limatchula madzi a ku Mangochi ndiponso nyanja zikuluzikulu zamchere. Vuto limadza pamene mlembi afuna kutchula chigawo cha nyanja yamchere chimene chalowa kumtunda, monga chija chili pakati pa Iran ndi maiko a Aluya, cholembedwa kuti Persian Gulf pa mapu a Chingerezi.

Nyanjayi ndi yotalika makilomita pafupifupi 1,000, koma khomo lake ndi limodzi lokha: mpata wa Hormuz, umene pamalo popapatiza sukwana makilomita 40. Ndi yosaya, pakuti malo ambiri safika mamita 100, pamene Nyanja ya Malawi imafika mamita 700. Kumpoto, mitsinje ya Tigris ndi Euphrates imakumana nipanga mtsinje wa Shatt al-Arab umene umathira m'nyanjayi.

Chilumba chachikulu koposa ndi Qeshm, cha Iran. Bahrain ndi dziko la pazilumba, ndipo kuyambira mu 1986 lidalumikizidwa ndi Saudi Arabia ndi mlatho wa makilomita 25. Madoko a Kharg ku Iran ndi Ras Tanura ku Saudi Arabia ndi opakirira mafuta, pamene la Jebel Ali ku Dubai limalandira katundu wa mitundumitundu. Pa zilumba zitatu, Abu Musa ndi ziwiri zotchedwa Tunb, mlembi ayenera kusamala: Iran idatumizako asilikali mu 1971, koma United Arab Emirates imati n'zake. Buku longolemba kuti "zilumba za Iran" laweruza kale mlandu umene eni ake sanauthetse.

Dzina la nyanjayo nalonso lili ndi mkangano. Maiko a Aluya, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 1960, amati ndi Nyanja ya Aluya, pamene Iran ndi bungwe la United Nations amasunga dzina lakale la Persia. Amalawi sangadabwe nazo, popeza nyanja yawo imatchedwa Nyasa ku Tanzania ndi Niassa ku Mozambique.

Choncho n'koyenera kulemba kuti "Nyanja ya Persia", ndi kutchulapo dzina linalo kamodzi ngati nkhaniyo ikukhudza maiko a Aluya. Chizolowezi chongoti "ku Gulf", chimene chidafala pa nkhondo ya mu 1991, n'chosokoneza ana a sukulu, chifukwa liwulo ndi la mtundu wa malo, ndipo adzalipezanso pa mapu ku Guinea, ku Aden ndi ku Mexico.