Kochi akakasuma kukhoti, bungwe lilankhule bwanji?

Okonda mpira sanaiwale za pa 14 January 2022 ku Bafoussam, m'dziko la Cameroon, pomwe Flames idagonjetsa Zimbabwe 2-1, zigoli zonse ziwiri wogoletsa ali Gabadinho Mhango. Amene adatsogolera timu tsikulo ndi Meke Mwase, chifukwa Mario Marinica adali atadwala Covid-19. Mu April chaka chomwecho, bungwe la FAM lidachotsa Mwase. Iye adakasuma kukhoti loona za milandu ya apantchito, ndipo khotilo lidapeza kuti adachotsedwa mopanda chilungamo.

Za chigamulo ndizisiyira odziwa malamulo. Ine ngati mphunzitsi wa kusekondale kuno ku Nsaru, chimene chimandikhudza ndi pakamwa pa bungwe pamene mlandu uli mkati. Nkhaniyi siya FAM yokha. Sukulu zathu za ukachenjede, monga LUANAR ku Bunda kapena Mzuzu University, yomwe timu yake ya Mzuni idasewerapo mu Super League, nazonso zili ndi matimu ndi makochi, ndipo tsiku lina zingadzakokeredwe kukhoti.

Lamulo la ntchito la Employment Act la chaka cha 2000 limafuna kuti munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, komanso asanapatsidwe mpata woyankhapo. Tsono mkulu wa bungwe akathamangira pa wailesi n'kunena kuti kochi adali waulesi, pomwe m'kalata yomuchotsa mulibe mawu otero, wangopatsa loya wa mnzakeyo chida. Mawu a pa wailesi ndi a pa Facebook safufutika. Alankhule munthu mmodzi, anene zoona zokhazokha: mlandu ulipo, uli kukhoti lakuti, timu ikuphunzitsidwa ndi uje. Zina zonse adikire woweruza.

Komatu kukhala duu nakonso n'kulakwa. Bungwe likatseka pakamwa, nkhani imaphikidwa m'mabenchi a bawo pa Namitete ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo pofika ku Kabudula imakhala itamera nyanga. Ena amati kochi adaba, ena amati bwana adafuna kulowetsa mbale wake.

Amene timawaiwala kwambiri ndi osewera. Pa yunivesite amenewa ndi ana asukulu, ena mwa iwo tidawaphunzitsa ife tomwe ku Fomu 4. Mnyamata amene kochi adamutola pa bwalo lafumbi la ku Nambuma asamve za mlanduwo kwa mtolankhani. Akuluakulu ayambe akhala pansi ndi timu, aiuze zimene zingatheke kunenedwa, ndipo asaumirize wosewera aliyense kusankha mbali kapena kusaina kalata yonyoza kochi. Makolo nawonso, amene adagulitsa fodya ndi soya kuti mwana afike kumeneko, alandire uthenga womwewo tsiku lomwelo.

Ndipo khoti likagamula mokomera kochi, bungwe linene poyera ngati lilipira kapena lichita apilo, komanso ndalamazo zichokera thumba liti. Ku yunivesite ya boma, thumba limenelo ndi misonkho yathu ndi fizi ya ana athu.